Mwala Wotsekera Tayala

Amama anayamba kusaona bwino chaka chomwe ndinayamba kuyendetsa kamyao, lole yonyamula katundu. Poyamba ankangodandaula kuti ulusi ukukana kulowa pa singano. Kenako Lamulungu lina anapatsa moni chitsa cha mtengo panjira ya ku tchalitchi, mpaka kuchifunsa za ana. Mayi aang'ono anaseka mpaka kukhala pansi, amama nawonso anaseka, koma ine kuseka kunandikana. Kuchipatala ku Fingoe anawauza kuti ndi shuga amene akudya masowo, ndipo mankhwala angochedwetsa mdima, kuubweza ayi.

Ife timakhala ku Malowera, kwawo kwa malemu bambo anga. Amama kwawo ndi kumapiri a ku Chiputo. Anachokako nthawi ya nkhondo kuthawira ku Zambia ali kamtsikana kongophunzira kusinja, atabereka mng'ono wawo kumbuyo, yemwe ndi mayi aang'ono angawa. Agogo onse awiri anatsalira ku Zambia, m'manda a kumeneko. Pamene anthu ankabwerera, amama anali atakwatiwa kale, anangotsata mwamuna, ndipo kwawo sanapondekonso. Sankakutchulatchula. Koma madzulo ena, kuzizira kutangoyamba, tikutongola chimanga pakhonde, ananena osatiyang'ana:

"Ndikanakonda ndikaone pamene ndinabadwira, masowa asanatseke."

Mayi aang'ono, omwe amaitana amama kuti mana, kutanthauza mkulu wawo, anati, "Mana, mukaonako chiyani? Kuli tchire lokhalokha."

"Tchire lomwelo."

Sanabwerezenso. Amama sapempha chinthu kawiri, ndiye chimene chimavuta ndi iwo.

Vuto linali pogona. Msewu wa kumeneko umayendeka nyengo yozizira yokha, matope atauma, ndipo kumene amama ankanenako kunalibe m'bale ngakhale mmodzi wotitsegulira chitseko. Malowonso anali ochita kufufuza, osati ongofika n'kuloza. Kudikira chaka chamawa kunali kudikira mdima.

Nzeru ndinaitola ku Fingoe. Tsiku lina ndikuthira gazoliyo, mafuta a dizilo, panaima galimoto yoyera ya azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi, opita kukaona nyanja. Mkaziyo atatsegula chitseko cha m'mbali ndinasuzumira. Munali bedi loyala bwino, kasitovu, makapu opachika, ngakhale kansalu ka pawindo. Ndinafunsa bamboyo ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka kuti amagona kuti. Iye analoza pansi pomwe tinaimapo, kenako analoza kutchire, n'kukweza mapewa. Ndinamva. Pomwe dzuwa lawalowera ndiye pakhomo pawo. Ndinatembenuka kuyang'ana kamyao yanga, yonunkha mbuzi ndi fumbi la chimanga, ndinati mumtima, nayenso uyu msana ali nawo.

Ndikuti yanga, koma ndi ya apatarau, bambo ogula chimanga amene ndimawagwirira ntchito. Nditawafotokozera anati, "Kamyao yanga yasanduka pensau tsopano? Mawa uzidzalandiriramo alendo?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, a ku Malowera onse amadziwa, n'chifukwa chake amanditcha piripiri. Shikola ndinalekera setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndi mtima womwewu, aphunzitsi atanditumiza kumunda kwawo kachitatu m'sabata imodzi. Ndiye apatarau asanamalize ndinali nditaponya kale makiyi pa sikelo.

"Tola makiyiwo, piripiri iwe," anatero osakweza mawu. "Ndatha kulankhula ine? Pita nawo amako. Pobwera udzere ku Chiputo, unditengere matumba amene ndinasungitsa kumeneko. Koma Loweruka ikhale ili pano."

Ndinatsuka kumbuyo kwa kamyao ndi phulusa mpaka mbuzi zinasiya kumveka. Ndinapinda nsungwi ngati nthiti, n'kuyalapo lona yophimbira chimanga. Pansi ndinayala mphasa ziwiri, pamwamba pake kolishau yogonera amama ndi mamanta onse ofunda a m'nyumba. Pakona ndinamangirira mbaula, thumba la makala, ufa, nyemba, nsomba zouma ndi mabidau a madzi, poti kumene tinkapitako kunalibe mjigo, kunalibe magetsi, kunalibe chimbudzi. Ndinakhomanso kamakwerero ka mapazi atatu kuti amama asamachite kukwezedwa ngati thumba. Mayi aang'ono atabwera kudzaona anazungulira kamyao yonse manja ali m'chiuno.

"Ndiye hotelo ija ndi imeneyi? Kosambira kuli kuti, abwana jerente?"

"Kuseri kwa tayala."

"Mana, mwana wanuyu akufuna anyani akatione."

Koma ndi iwo amene anayamba kukwera, atanyamula mtsamiro wawo.

Mwana wamwamuna wamkulu sagona chipinda chimodzi ndi amake, ngakhale chipindacho chikhale ndi matayala. Choncho kumbuyo kunali kwa azimayi, ine malo anga anali mu kabini, miyendo yopinda, mutu wotsamira chitseko. Pakati pathu panali kawindo kakang'ono kopanda galasi.

M'njira amama anandiuza zizindikiro, ndipo anazinena mofanana nthawi zonse zimene ndinawafunsa. Ukafika pa kamtsinje ka mchenga, uwoloke, ukwere pang'ono. Upeza mitengo itatu ya mango imene anadzala bambo awo. Ukaima pakhomo m'mawa nyengo yozizira ngati ino, dzuwa limatulukira pampata wa mapiri awiri, ngati munthu wosuzumira m'nyumba.

Titapitirira Chiputo tinayamba kufunsa. Dzina la mudzi wakalewo achinyamata sankalidziwa. Mdala wina wokonza njinga anaganiza nthawi yaitali, kenako analoza msewu umene anatsegula magalimoto onyamula mitengo. Tinautsata. Unali msewu woti chiwongolero chimakumenya m'manja, ndipo ndinautukwana mokwanira, amama akungoti "Pakamwa apo" pa dzenje lililonse. Dzuwa litapendeka msewu unangothera m'udzu, ndipo kutsogolo kwathu, kumunsi pang'ono, kunali kamtsinje ka mchenga woyera, kouma.

Amama anatsika, anaponda mchengawo, anatola wina n'kuufikisa m'manja.

"Ndi kameneka. Mawa tiwoloka."

Kamyao imeneyi ili ndi makhalidwe ake. Bateriya ndi yofooka, kamyao siilira ndi kiyi ikagona, imafuna kutsetsereka kaye. Buleki ya m'manja inafa ine ndisanabwere. Ndiye poimika ndimafuna malo otsetsereka pang'ono, ndi mwala wabwino wotsekera tayala. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pamalo ena otsetsereka pang'ono, a udzu waufupi, mphuno ya kamyao itayang'ana kumtsinje. Ndinaika giya, ndinadumpha, ndinapeza mwala waukulu wophwatalala utagona chafufumimba m'udzu, ndinaukoka n'kuukankhira pansi pa tayala lakumbuyo. Panalinso zitsa zakupsa, ndinamangirirapo zingwe za lona kuti mphepo isatilande denga. Chapatali ndinakumba kadzenje, n'kutchingira ndi kapulana, chitenje cha mayi aang'ono. Nyumba inatha.

Kuzizira kwa kumapiri kuja si kwa ku Malowera. Kumalowa ndi pansi pa chitsulo. Ndinaphimba galasi la kutsogolo ndi masaka, komabe m'mawa zala zinkakana kupinda. Palibe amene ankatuluka dzuwa lisanakwere ndithu. Amama mapazi awo amachita dzanzi kukazizira, ndiye ndinkayamba ndawawothetsa pa mbaula, n'kuwapatsa tiyi wopanda shuga ndi mbatata, kenako tinkatseka lona n'kuwoloka.

Masiku amenewo ndinaona dziko limene ndinkangolidutsa ndi liwiro. Amama ankandigwira pachigongono, mayi aang'ono akubwera m'mbuyo ndi botolo la madzi ndi madandaulo a mawondo. Zinthu zazikulu amama ankaziona, phiri, mlambe, thanthwe, koma zonse ngati zili kuseri kwa utsi. Zing'onozing'ono ankandifunsa.

"Chikulira apocho n'chiyani?"

"Mbalame."

"Mbalame ndikumva ndekha. Yotani?"

Ndinayenera kuima, kuyang'anitsitsa, n'kunena kuti ndi yobiriwira pamsana, mchira wautali, pakhosi pofiira. Ndikanena mwachidule ankandibweza. Ndinaphunzira kuona chifukwa choopa kubwezedwa. Tinaona nkhanga zikuwoloka mchenga pamzere, zazing'ono zili pakati. Tinaona anyani atakhala pathanthwe kuwothera dzuwa, wamkulu akutiyang'ana ngati tabwera kudzapempha malo, mayi aang'ono n'kumupatsa moni wa apongozi. Kutsidya kwina anthu anali atatentha udzu, akabawi akuzungulira pamwamba pa utsi kudikira ziwala. Masau anali atapsa, tinkangotola pansi. Amama ankadya awiri okha chifukwa cha shuga, n'kumayamwa nthangala yake ulendo wonse. Mitengo ankaidziwa ndi mphuno ndi zala. Ndikati uwu sindiudziwa, ankathyola tsamba, kulifinya, kulinunkhiza, n'kunditchulira dzina ndi ntchito yake, uwu wa m'mimba, uwu wa mipini, uwu osakolezera moto m'nyumba.

Tsiku lina tinakwera thanthwe lalitali pang'onopang'ono, tikupuma. Pamwamba pake dziko lonse linatseguka, mapiri kuseri kwa mapiri, ndipo kumunsi kwenikweni ndinaona kadontho kobiriwira.

"Amama, nyumba yathu ikuoneka."

"Iti?"

"Ya matayala."

Anaseka, anatsinzina maso kuyesa kuiona, sanaione. "Bola iwe ukuiona," anatero. "Tisasochere."

Mango tinawapeza kawiri. Koyamba inali mitengo iwiri yokha, pafupi ndi dambo, amama anangopukusa mutu. Kachiwiri inali yambiri, ndipo panali nyumba ndi mayi wina akupeta mapira. Anatiyalira mphasa, anamvetsera bwinobwino, kenako anati iwo anabwera nkhondo itatha, anapeza tchire, eni ake akale sanawaone. Pobwerera tsiku limenelo amama sanandifunse za mbalame iliyonse.

Madzi ndiwo ankatiwerengera masiku. Kusamba kunali kwa kapu imodzi ndi kansalu. Madzi otsukira mbale ankatsukanso mapazi. Ndipo panali wachinayi womwa nafe, radiyadolo yoziziritsa injini ya kamyao, imene imadontha ndipo siidziwa chisoni. Bidau imodzi ndinaibisa kuseri kwa mpando wanga, ndinanena poyera kuti imeneyo ndi ya galimoto, aliyense asaikhudze, apo ayi tidzabwerera wapansi. Pofika Lachinayi madzi akumwa anali atatsala pansi pa bidau yomaliza, okwanira tsiku limodzi lofufuza ngati titasamala.

Madzulo ake ndinapita kukatola nkhuni. Pobwera ndinapeza njinga ziwiri zitatsamira kamyao, zitasenza mitolo ya nsomba zouma, ndipo amuna awiri atakhala pansi akumwa. Sankamwera m'kapu, ankamwera m'poto. Amama anali atapendeketsa bidau, akudzazanso mabotolo awo.

Ndinadikira amunawo athokoze, akankhe njinga zawo, asowe m'mitengo. Ulemu wanga unathera pomwepo. Ndinaponya nkhuni pansi.

"Amama, madzi amenewo ndi a mawa. Mwawapatsa anthu osawadziwa n'komwe."

"Anali ndi ludzu."

"Ife tilibe ludzu? Ine ndakhala ndikunyambita kapu ngati galu masiku onsewa kuti inu mupeze tsiku lina, inu n'kumagawa ngati muli ndi mjigo?"

"Piripiri iwe, tsitsa mawu," anatero mayi aang'ono.

Amama anavundikira bidau modekha. "Kwathu kuno munthu akapempha madzi timamupatsa."

"Kwanu kuti? Kwanuko takupeza?"

Mayi aang'ono anayang'ana pansi. Amama anapukuta manja pa kapulana, anafufuza kamakwerero ndi phazi, anakwera okha osafuna dzanja langa. Ine ndinamenya chitseko cha kabini n'kukhala m'menemo osadya.

Mdima utangogwa ndinamva kugogoda pa kawindo kaja. Kenako manta inayamba kulowa, pang'onopang'ono, ngati ikuchita manyazi. Inali ya amama, yofiira ija yonunkha mafuta opaka m'mapazi. Pambuyo pake panalowa mbale ya nyemba.

"Inu mufunda chiyani?"

"Ndili ndi mng'ono wanga, ndi wonenepa, amatentha ngati mbaula."

"Ndamva, mana," anatero mayi aang'ono mkatimo.

"Idya, a motorista," anatero amama. "Mawa tizipita. Wandionetsa mapiri a kwathu, wandidyetsa masau a kwathu. Zakwana."

Ndinadya nyembazo, n'kufunda manta ija.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, tinapakira. Ndinamasula zingwe pa zitsa, ndinakwirira kadzenje, ndinathira madzi mu radiyadolo. Poyambitsa kamyao imeneyi pamafunika anthu awiri, wina aponde buleki, wina achotse mwala ku tayala n'kuthawa. Ndinauza mayi aang'ono, iwo anati msana. Amama anati, "Manja ndili nawo ine, ndi maso okha amene anapita." Ndinakwera, ndinaponda buleki, ndinatulutsa mutu pawindo.

"Chotsani."

Palibe chinachitika.

"Amama, chotsani, mwendo ukutopa."

Zii. Mtima unayamba kukwera, ndinaika giya n'kudumpha, mawu ali kale pakamwa. Ndinawapeza atagwada pambali pa tayala, manja onse awiri ali pamwala, zala zikuyenda m'mbali mwake, kupita, kubwera, kupita.

"Mwala uwu unautenga kuti?"

"Apo, m'udzu."

"Utulutse. Usaukoke pansi, unyamule."

Ndinafuna mwala wina, ndinatsekera tayala linalo, kenako ndinasolola uja n'kuutembenuza. Kunsi kwake kunali kosalala, kolowa mkati ngati chikhatho. Inali mphero yoperera mapira, yothyoka mbali imodzi. Amama anachotsa dothi ndi nsonga ya kapulana, anagoneka dzanja m'dzenjelo, kenako anabwereranso m'mbali muja.

"Mana, mphero zonse zili ndi dzenje," anatero mayi aang'ono, koma mawu awo anali atachepa.

"Bwera ndi chala chako." Anawagwira dzanja n'kuliyendetsa. "Ukumva? Mizere itatu. Bambo ankanolera nkhwangwa pano amayi akapita kumadzi. Amayi akabwera ankayamba kufufuza m'mbalimu, akapeza mwakuya kuposa dzulo, nkhondo. Ankati munthu wamwamuna wosowa mwala dziko lonseli la miyala. Mzere wachitatuwu ndi wa mpeni, waung'onowu." Kenako anatembenukira kumene kunali ine. "Zingwe za lona unkamanga pa chiyani?"

"Pa zitsa."

"Zingati?"

Ndinatembenuka. Ndinali nditazimanga ndi kuzimasula ndi manja angawa, koma ndinali ndisanaziwerenge. Chimodzi kumanja kwa kamyao, ziwiri kumanzere. Zinali zakuda ndi moto wa chaka ndi chaka, zodulidwa kalekale. Ndinapita pa chachikulu, ndinapatula udzu patsinde pake, ndipo pansi penipeni panali kamphukira ka masamba anayi, ofiirira, aataliatali. Ndinathyola limodzi n'kuwapatsa. Analifinya, analiika pamphuno, ndipo sananene dzina lake ngati mmene ankachitira ndi mitengo ina. Anangopatsira mng'ono wawo.

"Mango," anatero mayi aang'ono.

Zinamveka pambuyo pake, titakhala pansi. Msewu wakale, umene amama ankayendamo ali mwana pochokera kusitolo, unkadzera kutsidya, n'chifukwa chake munthu ankayamba wawoloka kamtsinje kenako n'kukwera. Msewu wa onyamula mitengo unatibweretsa chakumbuyo, kuseri kwa mudzi. Tinafika tili kale kwathu, ndipo m'mawa uliwonse tinkatseka lona, kuwoloka, n'kupita kukafuna kwathu kwa eni.

Mayi aang'ono anayang'ana kamyao, anayang'ana mphero, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye mukuti ine ndinabadwira pansi pa tayala?"

"Iwe unabadwira apo tinkaika mbaulapo. Unalira usiku wonse, mpaka lero sunasiye."

Amama anaimirira n'kuyamba kuyenda okha, osandigwira. Ankaponda ngati munthu woyenda m'nyumba mwake mumdima. Apa panali nkhokwe. Apa khola la mbuzi. Apa panali nyumba ya azakhali awo, amene ankaphika mowa wa masau. Ine ndinkangoona udzu ndi timilu ta dothi, koma ndinkatsatira m'mbuyo n'kumavomera. Atafika pa kamulu kena anaima, anatembenukira kumtsinje, anakweza nkhope.

"Khomo linali pano. Mapiri awiri ukuwaona?"

Analipo, kutsogolo kwenikweni kwa mphuno ya kamyao, ndi mpata pakati. Masana ankangooneka ngati mapiri ena onse. Dzuwa linali likutulukira pamenepo m'mawa uliwonse, ine nditaphimba galasi ndi masaka, ndikukoka mkonono.

Ndinayang'ana bidau. Munali madzi osakwana kuphikira. Ndinadziwa kuti amama sapempha kuti tigonenso.

"Tigona," ndinatero. "Tidya mtedza wokazinga. A galimoto timwako pang'ono, ikatentha m'njira tiziima."

"Madzi a galimoto asiye. Tenga khasu ndi poto."

Ananditsogolera kumtsinje, koma m'malo mowoloka anakhotera kumtunda, akuyenda pamchenga, dzanja likukhudza gombe. Pokhota pena panali mkuyu waukulu, mizu yake ili panja. Anaponda ponda ndi chidendene, anasuntha pang'ono, anapondanso.

"Kumba apa."

Ndinakumba mchenga wouma mpaka m'mawondo, ndikuyamba kale kung'ung'udza. Kenako mchenga unada. Kenako unalemera. Ndinasiya khasu n'kumafukula ndi manja, ndipo pansi pa dzenjelo panayamba kunyezimira. Tinakhala m'mphepete tikudikira kuti madzi adikhe. Amama anatunga ndi kapu, analawa, anandipatsa.

"Imwa. Kwathu kuno munthu akapempha madzi timamupatsa."

Anandiyang'ana ndi maso awo otuwawo, m'mbali mwa milomo mukunjenjemera kuseka. Ndinamwa kapu yonse, ndinapemphanso ina. Madziwo ankanunkha mizu ndipo ankazizira mpaka m'mano.

Tsiku limenelo tinadzaza mabidau onse. Azimayi anasamba ndi ndowa yathunthu kuseri kwa kapulana, ndikumva mayi aang'ono akukuwa ndi kuzizira, amama akuwaseka. Ine ndinamanganso lona, koma zingwe ndinazimangira pa zikhomo zimene ndinasema, zitsa zija ndinazisiya. Ndinalimira udzu kuzungulira kamphukira kaja kuti moto wa chaka chino ukapeze poyera, ndinakathirira, n'kukazinga ndi miyala.

Kusanache ndinadzuka ndekha, ndinachotsa masaka pagalasi, ndinakoleza moto pafupi ndi kamulu ka pakhomo paja. Ndinayala mphasa, ndinaika mphero pambali pake. Kenako ndinagogoda pa kawindo. Anatsika atadzikulunga mamanta mpaka kumutu, mpweya ukutuluka ngati utsi. Ndinawakhazika amama pakati, mapazi awo ndinawayandikiza kumoto. Tinapemphera mwachidule chifukwa mano ankagundana.

Kum'mawa kunayamba kutuwa, kenako kufiira. Mapiri awiri aja anada bii, ndipo pampata pawo panayaka.

"Amama, mukuona?"

"Khala chete."

Dzuwa linatulutsa mutu pakati penipeni. Kuwala kunatsika ndi phiri, kunawoloka mchenga, kunakwera mpaka pamphasa yathu n'kuwagwira amama kumaso. Sanaphethire. Dzanja lawo limodzi linali pa mphero.

"Ndikuona chofiira," anatero patapita nthawi, "ndi zakuda ziwiri, uku ndi uku. Ndi pomwepo. Silinasunthe."

Mayi aang'ono anatsamira mutu paphewa pawo.

Popakira ndinanyamula mphero ija kuti ndiikweze. Amama anamva kulemera kwa mapazi anga.

"Ukupita nayo kuti?"

"Kunyumba. Muziigwira mukafuna."

"Ibwezere. Ukaichotsa, wobwera pambuyo adzadziwa bwanji kuti panali anthu? Uigoneke chafufumimba mmene unaipezera, mvula isamakhalemo." Anandigwira pachigongono. "Ndipo iwe yang'anitsitsa. Mapiriwo, mkuyu uja, zitsazi. Ine ndaona zanga. Wotsala ndi maso ndi iwe."

Ndinayang'ana mpaka anandiuza okha kuti tiye.

Mwala watsopano anachotsa ndi mayi aang'ono, msana utachira mwadzidzidzi. Kamyao inatsetsereka, inatsokomola, inalira. Tinadzera ku Chiputo kukatenga matumba, azimayi anabwerera atakhala pamwamba pa chimanga, ndipo ku Malowera tinafika Loweruka dzuwa litalowa kale. Apatarau anali pakhomo pa sitolo, nkhope itakwinyika. Anayamba kutsegula pakamwa, koma amama anatsika n'kuwapatsa botolo la madzi a pansi pa mkuyu ndi kathumba ka masau, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Pano amama amangosiyanitsa usana ndi usiku. M'mawa wa nyengo yozizira ndimawatulutsira mpando kumene kukuchokera dzuwa, ndipo nthawi zina amandiuza kuti ndiwafotokozere malo aja kuyambira pa kamtsinje. Ndikadumpha chinthu amandibweza. Chaka chatha ndinadutsako ndekha ndikukatenga chimanga, ndinagona mu kabini, galasi losaphimba. Kamphukira kaja kanali katandifika m'chiuno. Nditawauza anafunsa ngati ndinakalimira udzu, ndinati inde, anafunsa ngati mphero ili chafufumimba, ndinati inde, kenako anafunsa kuti tayala ndinatsekera ndi chiyani.